Satini ndi sate

Ife a ku Milange sitiwerengera Malawi ngati kunja. Timaoloka pa Melosa ngati tikupita kudimba, m'thumba muli makwacha ndi metikali zosakanikirana. Anzanga ambiri anakulira tsidya lomwelo pothawa nkhondo, n'kubwerako mtendere wa 1992 utafika. Banja lathu lokha linathawira ku Quelimane, choncho sukulu yanga yonse ndi ya Chipwitikizi. Komabe Chinyanja ndiye khasu langa. Ndimadya nacho tsiku ndi tsiku pa wailesi yathu ya m'dera, ndipo ndinkadziona ngati palibe Mmalawi angandisokoneze nacho.

Achemwali anga anakwatiwa ku Bangwe, mumzinda wa Blantyre. Mwana wawo atadwala mwakayakaya n'kuchira, anakonza zokathokoza Mulungu kutchalitchi kwawo, ku CCAP, ndipo anandiitana monga malume a mwanayo. Ndinakwera minibasi pa Muloza Loweruka, kudutsa minda ya tiyi ya ku Mulanje mpaka ku Limbe.

Ine ndine Mkatolika wa chibadwire. Polowa ndinafunafuna madzi odalitsidwa pakhomo, osawaona. Ndinagwada bondo limodzi, n'kuchita chizindikiro cha mtanda, ndipo ana a pa benchi yakumbuyo anayamba kugwirana. Kenaka ndinatsatira achemwali n'kukhala nawo pafupi, osazindikira kuti ndili pakati pa amayi a Mvano ovala zoyera, abambo onse ali mbali inayo. Alamu anachita kudzandikoka dzanja. Zonsezi zinali zongoseketsa.

Chomwe chimandiwawabe ndi ichi. Alamu anali atauza akulu a mpingo kuti kwabwera mlendo wa pa wailesi, wa mawu okoma, ndipo iwo anandipatsa ulemu woti ndiwerenge mawu a Mulungu. Mkulu wina anandinong'oneza kuti, “Abambo, muwerenga Masalimo sate.” Ine ndinamva “satini”. Kunena zoona, ngakhale akanabwereza katatu sindikanasiyanitsa. M'mutu mwanga muli treze ndi trinta, mawu awiri osafanana n'komwe. Kufunsa ndinachita nako manyazi. Munthu wa pa wailesi angafunse nambala?

Salimo 30 ndi la munthu wothokoza kuti anafuulira Mulungu ndipo anachiritsidwa. Salimo 13 ndi la munthu wodandaula kuti Mulungu wamuiwala. Ine ndinatsegula Buku Lopatulika pa 13, ndipo ndinawerenga ndi mawu onse a pa wailesi, pang'onopang'ono, motsindika, pamaso pa mayi amene mwana wake wangopulumuka kumene. Ndinamva mapepala akupukusika m'tchalitchi monse, anthu akusaka pomwe ndili. Achemwali anaweramitsa mutu. Mwayi wanga unali woti salimolo ndi lalifupi, ndime 6 zokha, ndipo limathera pa chikhulupiriro. Abusa, munthu wanzeru, anaimirira n'kunena kuti mlendo watikumbutsa usiku umene banjali linadutsamo, tsono timve za m'mawa mwake. Anawerenga okha Salimo 30.

Titatuluka ndinapita kukapepesa, ndipo pakamwa panatuluka “a padre”. Iwo anaseka, n'kuitana akazi awo kuti apatse moni “padre mnzawo”. Achemwali okha sanaseke. Panjira anangoti, “Achimwene, mukanafunsa.”

Usiku umenewo ndinaganiza kwambiri. Tonse m'tchalitchi muja tinali kupemphera m'chilankhulo chimodzi, Mulungu mmodzi, dzina lake lomwelo. Chinatilekanitsa ndi manambala okha. Iwo amawerenga m'Chingerezi, ife m'Chipwitikizi, ndipo palibe mwa ife amene amanenanso kuti khumi ndi zitatu kapena makumi atatu. Mkulu uja akanati makumi atatu, agogo anga omwe sanaponde m'kalasi akanamva. Sindikunena kuti tibwerere kumeneko. Ndani angatchule nambala ya foni m'njira imeneyo? Koma tisamanamizane kuti poti moni ndi mmodzi ndiye kuti tamvana zonse.

Kenaka maganizo anabwerera kuntchito kwanga, ndipo apa manyazi anakula. Mawu a wailesi saima pa mtsinje kuti aonetse pasipoti. Amamveka kuseri kwa phiri la Tumbine, amamvekanso m'midzi ya ku Muloza, komwe kuli azakhali athu, apongozi athu ndi ana athu. Zaka zonsezi ndakhala ndikuwerenga mauthenga a maliro ndikunena kuti mwambo uyamba catorze horas pa Quinta-feira. Ndi angati tsidya lija anamva dzina la m'bale wawo, mtima n'kudumpha, koma tsiku ndi ola osazimva? Ndi angati anafika manda atakwirira kale, ndipo ngati ine anachita manyazi kunena kuti sanamve?

Lolemba lotsatira panali uthenga wa maliro a mayi wina wa kufupi ndi malire. Ndinawerenga monga mwa masiku onse, kenaka ndinabwereza: Lachinayi, 2 koloko masana, dzuwa litangopendeka. Mnzanga wa pa makina anandilozera wotchi kuti ndikudya nthawi ya malonda. Ndinabwerezanso kachitatu.