Tiziwerengetsa tisanagwire soldering iron

Anzanga okonza mawailesi ku Limbe, ku Lilongwe ndi ku Mzuzu, ndili kuno ku Johannesburg komwe ndimakonza ma transmitter a FM, ndipo pali nkhani yomwe ikundidya mumtima.

Kwathu transistor ya amplifier ikapsa timagula ina n'kuika, kenako n'kumatambasula koyilo ndi zala mpaka singano ya mita ikwere. Luso limenelo sindikulinyoza, anyamata ambiri a kuno alibe. Koma pakapita milungu ingapo transistor ija imapsanso, wailesi ya m'dera n'kukhala chete, ife n'kumanena kuti magetsi ndiwo alakwa.

Kuno ntchito imayambira papepala. Transistor yamphamvu imafuna ma ohm ochepa, tinene 5, pomwe chingwe chopita ku mlongoti ndi cha ma ohm 50. Zikapanda kugwirizana, mphamvu imabwerera m'mbuyo n'kutenthetsa transistor. Chinsinsi chake n'chakuti resistor ndi koyilo zikakhala mu series, pamakhala zinzake za mu parallel zochita chimodzimodzi, ndipo lamulo lake ndi Rp = Rs × (1 + Q²), pomwe Rp ndi ma ohm 50 aja ndipo Rs ndi ma ohm 5 aja. Gawani 50 ndi 5, mupeza 10. Chotsanipo 1, patsala 9, yemwe ndi Q², ndiye kuti Q ndi 3. Koyilo ya mu series ikhale ya ma ohm 15, omwe ndi 3 × 5, ndipo capacitor ya mu parallel, ya kumbali ya chingwe, ikhale ya ma ohm 16.7, omwe ndi 50 ÷ 3. Pa 100 MHz, imeneyo ndi koyilo ya 24 nH ndi capacitor ya 95 pF. Masamu ake ndi omwewo basi, foni yanuyo ikwanitsa.

Chenjerani ndi chinthu chimodzi: kufananaku kumagwira pa frequency imodzi yokha. MACRA ikasamutsa wailesi kuchoka cha ku 90 kupita cha ku 105 MHz, werengetsaninso, musangopotokola trimmer.

Akawerengetsa, kuno amayeza ndi kachipangizo kotchedwa NanoVNA, kolowa m'thumba, kamene kamaonetsa Smith chart, ndipo poyatsa transmitter koyamba amalumikiza dummy load, osati mlongoti. Mtengo wa NanoVNA sufika pa ma transistor omwe timawotcha. Mashopu oyandikana sonkheranani mugule kamodzi, ndipo aphunzitsi a m'makoleji a ntchito zamanja, chonde aphunzitseni ana athu lamulo limeneli.