Linga la Dothi M'munsi mwa Chikala

Tinanyamuka ku Balaka itangotha swala ya Fajr, ine ndi ana asanu a ku madrasa kwathu. Tinaoloka Shire pa Liwonde, ndipo dzuwa lisanafike paliwombo tinali titafika ku Malape, kufupi ndi phiri la Chikala m'boma la Machinga.

Abale ndi alongo, malowa ngodabwitsa. Zipilala za dothi lofiirira zangoti njo, zina zosongoka ngati nsanja, zina zolumikizana ngati khoma, ndipo pakati pake pali tinjira topapatiza. Mnyamata wina anafuula kuti, "Mwalimu, si linga lija la pachithunzi ili?"

Iye amanena za Arg-e Bam, linga lakalekale la mumzinda wa Bam m'chipululu cha Iran, lomwe ndinawaonetsa m'kalasi. Linamangidwa ndi zidina zosaotcha, ngati za nyumba za kwathu kuno, koma munali msika, mzikiti, nyumba za asilikali ndi ya wolamulira pamwamba penipeni. Madzi ankabwera kuchokera kumapiri kudzera m'ngalande zokumba pansi pa nthaka. Linakhala zaka mazanamazana poti mvula kumeneko njosowa, kufikira pa 26 Disembala 2003 pamene chivomerezi chinaligumula ndi kupha anthu oposa 26,000 mumzindamo.

Ndinamuyankha kuti za ku Malape sanamange munthu. Inasema ndi mvula, ndipo dzinja lililonse imaperesako pang'ono.

Koma nditakweza maso kuona Chikala, manyazi anandigwira. Linga lenileni linali pamwamba pomwepo. Mfumu Kawinga ya Ayao inakhazikika paphiri limeneli, ndipo asilikali a Angerezi, omwe anamenyana nayo mu 1891, anadzalanda malowa mu 1895. Tisabise mawu: mphamvu za mfumuyi zinkachokeranso ku malonda a akapolo. Nditafunsa anawo ngati anamvapo zimenezi, onse anapukusa mitu. Nanga akanazimva kwa yani, poti mwalimu wawo anawatengera ku Iran asanawaonetse phiri la kuseri kwa nyumba?

Tili pamthunzi kudya chinangwa chomwe tinatenga, mtsikana wamng'ono pa onse, amene agogo ake amachokera ku Ntaja, anandikoka mkanjo. "Mwalimu, nanga makolo athu anali ati, okhala m'linga kapena ogulitsidwa?"

Ndinamuuza kuti Loweruka likubwerali tipite limodzi tikawafunse agogo akewo.