Telala Amene Ndinawatsitsa Basi

Ndili ndi shopu yosoka mayunifolomu a sukulu ku Limbe, ndipo kwa zaka zingapo ndinkayiyendetsa motsatira mabuku a bizinesi. Ndinkawagula kwa anyamata oyala mabuku m'mbali mwa msewu, ena atathothoka chikuto, ena atadetsedwa ndi fumbi. Pashelefu panga panali Stephen Covey, Michael Porter ndi Peter Drucker, koma limene linandilowa mumtima ndi Good to Great la Jim Collins, lomwe linatuluka mu 2001. Collins ndi gulu lake anafufuza makampani 1,435 a ku America n'kupatulapo 11 okha amene anakwera n'kukhalabe pamwamba kwa zaka 15. Mfundo imene ndinatolamo ndi yakuti mtsogoleri aziyamba ndi kusankha anthu. Iye amayerekeza kampani ndi basi: oyenera akwere, osayenera atsike, za kolowera zizibwera pambuyo.

Kuyambira pamenepo antchito anga ndinkawayang'ana ndi diso lofuna wotsika. Ndinagula kope, ndipo madzulo aliwonse ndinkalembamo chiwerengero cha malaya amene aliyense wasoka. Anyamata a pamakina amagetsi ankathamanga. Pansi penipeni pa tsamba pankakhala bambo wina wachikulire amene tonse tinkangowatchula kuti Madala. Iwo ankasokera makina akale opalasa ndi mapazi, magalasi ali pamphuno, choko chili kukhutu. Mpukutu wa nsalu ukabwera sankathamangira sizasi. Ankauyala patebulo, kuusisita ndi chikhatho, kuika mapatani uku ndi uku, kuwatembenuza, mpaka atapeza poti mkono wa malaya ulowe pampata umene wina akanautaya. Ine ndinkaona ngati akudya nthawi.

Tsiku lowachotsa ndinawaitanira kuseri kwa shopu. Ndinati, "Madala, bizinesi yasintha, pano pakufunika anthu othamanga." Sanatsutse. Anangoti, "Ndamva, Mayi. Koma makina achiwiri aja muziwathira mafuta m'mawa uliwonse, akauma amadula ulusi." Anakulunga sizasi yawo m'kansalu, n'kutsanzikana ndi aliyense pogwirana chanza. Ndinawapatsa ndalama zawo zonse monga mwa lamulo, ndipo usiku umenewo ndinagona ndikudziona ngati mtsogoleri wolimba mtima. Ndikakumbukira zimenezi mpaka lero nkhope imandigwa.

Sukulu zitatsala pang'ono kutsegulira, pakona ya shopu panaunjikana mulu wa malaya opanda kolala. Anyamata aja ankasoka msana, m'mbali ndi manja mwachangu, koma kolala ndi mabowo a mabatani ankasiyira Madala, ndipo kope langa linalibe mzere wolembapo zimenezo. Atayesa okha, makolala ankatuluka opotoka, nsonga ina yaitali kuposa inzake. Sukulu ina inatibwezera katoni yonse. Mpukutu umene kale unkatulutsa malaya okwana oda unayamba kuperewera, zigamba zili mbwee pansi pa tebulo. Magetsi akazima, shopu yonse inkangoti zii, makina opalasa aja ali poteropo popanda wowadziwa bwino.

Mavuto sanabwere okha. Mu Meyi 2022 kwacha inachepetsedwa mphamvu ndi 25 peresenti, ndipo mu Novembala 2023 ndi 44 peresenti. Nsalu, ulusi, mazipi ndi mabatani zimachokera kunja, choncho komwe timapikula mitengo inkasintha katundu ali pashelefu pomwepo. Ine ndinali nditagwirizana kale mtengo ndi sukulu. Nsalu iliyonse yotayika pansi pa tebulo inali ndalama yochoka mumpamba. Ndinatsegulanso mabuku anga kufunafuna mutu wonena za munthu amene amagula ndi dola yosowa n'kumagulitsa ndi kwacha yofooka, koma sindinaupeze. Olembawo ankanena za makampani a m'dziko limene ndalama yake ndi imene ife timaisowayo.

Pa nthawi imeneyi m'pamene ndinamva zimene zinachitikira ena mwa makampani 11 aja. Fannie Mae, ya ngongole za nyumba, boma la America linachita kuitenga m'manja mwake mu Sepitembala 2008 kuti isagwe. Circuit City, yogulitsa zipangizo zamagetsi, inalengeza kuti yalephera kubweza ngongole mu Novembala 2008, ndipo pofika Malichi 2009 masitolo ake onse anali atatsekedwa. Chimene chinandibaya kwambiri ndi ichi: mu Malichi 2007 kampaniyo inachotsa ntchito ogulitsa 3,400 amene ankalandira malipiro okwera, ambiri mwa iwo odziwa ntchito, kuti ilembe ena otsika mtengo. Nditawerenga zimenezo ndinaona shopu yanga.

Tinene zoona, Collins sanandiuze kuti ndichotse Madala. M'buku lomwelo amachenjeza kuti usanatsitse munthu uyambe waona ngati sunamukhazike pampando wolakwika. Tsamba limenelo ndinaliwerenga, koma silinandilowe chifukwa mlandu ndinali nditaugamula kale. Drucker nayenso amalimbikitsa kumanga pa zimene munthu amatha, osati kuwerenga zimene sangathe. Chimene ndimadandaula nacho pa mabuku a mtundu umenewu ndi kukoma kwa nkhani zake. Amakusimbira za opambana mpaka umayamba kudziona uli m'gulu lawo, ndiye umangotola ziganizo zimene zikukupatsa mphamvu. Phil Rosenzweig, m'buku lake la mu 2007 lotchedwa The Halo Effect, anaonetsa kuti kampani ikamapanga phindu anthu amayamikira chilichonse chimene imachita, ndipo ikagwa, makhalidwe omwewo amasanduka zifukwa za kugwa kwake. Zikatero wowerenga sangasiyanitse chimene chinabweretsa phindu ndi chimene chinangopezeka pafupi nalo.

Buku limene linandithandizadi silinandilonjeze ukulu uliwonse. Ndi The Goal la Eliyahu Goldratt, la mu 1984, lolembedwa ngati nthano ya mkulu wa fakitale imene yatsala pang'ono kutsekedwa. Muli gawo limene mkuluyo akuperekeza ana pa ulendo wapansi, n'kuzindikira kuti gulu lonse likufika malinga ndi liwiro la mwana wochedwetsetsa, Herbie. Sanamusiye m'mbuyo. Anamuika kutsogolo, n'kugawira anzake katundu amene anali m'chikwama chake. Kwa ine Herbie anali tebulo la makolala. Malaya onse ankayenera kudutsa pamenepo, ndipo kuthamanga kwa anyamata kunkangokulitsa mulu. Chofunika chinali kuwapepuza Madala: wina aziwasitira, wina aziwalembera pa mabatani, iwo atsale ndi kudula ndi makolala basi.

Ndinapita kukawafuna. Ndinawapeza pakhonde la golosale ina kwawo, atagula makina awoawo, amayi atatu akudikira zovala pabenchi. Ndinapepesa popanda kuzungulira. Anandimvetsera mpaka ndinamaliza, kenako anati, "Mayi, zinapita zimenezo. Koma kubwerera ayi, pano ndakhazikika." Tinagwirizana zoti makolala ndiziwatumizira komweko, mtengo azitchula okha, ndipo ndi wokwera kuposa malipiro amene ndinkawapatsa. Anavomeranso kuti mnyamata mmodzi wa kushopu azipita kukakhala nawo masana kuti aphunzire kuyala mapatani pansalu. Kope lija ndikadali nalo, koma tsopano timalembamo malaya amene atuluka athunthu, osita, okonzeka kulowa m'katoni, ndi mamita a nsalu amene alowapo.