Galasi la pachitseko cha pakati

Nyumba zakale za ku Rosettenville, kummwera kwa Johannesburg, zinamangidwira banja limodzi, koma lero m'nyumba imodzi mumatha kugona mabanja anayi. Bambo wina wa ku Ntcheu amachita lendi chipinda chomwe kale chinali chodyeramo, pamodzi ndi mkazi wake ndi kamtsikana kawo ka zaka 4. Chitseko cha chipindacho n'cha thabwa lolemera, chokhala ndi magalasi 6 amaluwamaluwa, olowetsa kuwala koma obisa za m'kati. Kwa banjali chitsekocho ndiye mpanda, ndiyenso malire a khomo lawo.

Mphepo ya mu Ogasiti ku Joni sichita ulemu. Madzulo ena wina anasiya chitseko chakunja chosatseka, mphepo inadutsa m'khonde, cha pakaticho n'kumenyetseka. Galasi la m'munsi linasweka m'zidutswa zazitali ngati mipeni, ndipo chimodzi chinacheka mwana kuphazi. Bala linali laling'ono, koma mayi ake sanagone.

Kwa masiku atatu anatsekapo ndi katoni. Bamboyo ankaopa mwininyumba, yemwe amasunga ndalama ya chikole ndipo sachedwa kupeza chifukwa choidyera.

Anamuthandiza ndi madala wina wa m'chipinda chakumbuyo, tchona wa ku Mzimba amene anagwirapo ntchito kwa oika magalasi. Iye anamuuza avale magolovesi, ayambe wachotsa zidutswa zotsala, kenaka atukule ndi tchizulo timatabwa togwira galasi, pang'onopang'ono, kuyambira pakati pa kathabwa kakatali, poti ta nyumba zakale sitipezekanso m'sitolo. Phula lakale louma analipala mpaka thabwa linaoneka. Atatenga tepi, madala anamugwira dzanja.

"Mwana wanga, yesani malo atatu, chitseko chakale sichikhala chowongoka. Mutenge muyeso waung'onowo, muchotsepo mamilimita 3. Thabwa limafufuma mvula ikayamba. Mukalipanikiza galasi, lidzang'aluka lokha."

Kusitolo ndiko kunali mlandu. Galasi wamba linali lotchipa, lodula pompo. Koma wogulitsa anatchula malamulo a zomangamanga a dzikolo, SANS 10400-N, omwe amafuna galasi lotetezeka m'malo amene munthu angawombepo, monga pazitseko. Lilipo lowotchedwa kuti lilimbe, lomwe likasweka limayoyoka ngati timiyala, koma silidulika likatha kuwotchedwa, ndiye amachita kuitanitsa pa muyeso wake. Lina ndi la magalasi awiri omatidwa ndi pulasitiki pakati. Likasweka zidutswa zimakanirira pomwepo. Onsewa amakhala ndi kachizindikiro pakona. Mtengo wa lomatalo unkaluma ndalama imene anasungira feteleza wa mayi ake kumudzi, ndipo aliyense amene anatumizapo ndalama ku Malawi akudziwa kuti mvula siyembekeza malipiro a mwezi wamawa.

Anabwerera chimanjamanja kukafunsa kunyumba. Mkazi wake anali akusintha bandeji pa phazi la mwana, ndipo sanadzutse mutu.

"Bambo a mwana, galasi la m'munsilo lili pa msinkhu wa ndani?"

M'mawa mwake anagula lomatalo. Popeza linali lochindikala kuposa lakale, madala anapala timatabwa tija pang'ono. Anapaka silikoni m'mphepete, n'kukhazika galasi, n'kukhomerera timisomali ndi hamala yaing'ono, katoni itatchinga galasi kuti lisakandike.

Latsopanolo ndi loyera, loonekera mbali zonse, ndipo pakati pa anzake asanu amaluwa likuoneka ngati dzino lagolide. Odutsa m'khonde ankatha kuona miyendo ya bedi ndi mapoto, choncho mayi uja anadula kansalu ku chitenje chakale n'kukapachika kumbuyo kwake. Kumudzi anaimbako foni kuti feteleza achedwerapo. Mwininyumba adzabwera pa 1 kudzatenga lendi.