Nanga Kuima?

Galimoto yanga yoyamba ndinaiitanitsa ku Japan, ndipo inadzera ku Dar es Salaam n'kulowera pa Songwe. Nditafika nayo kwathu ku Lufita, anyamata anaiunjirira, aliyense kufunsa za liwiro lake. Malume anga, amene anakalambira m'magalaji, anangogwada n'kusuzumira tayala lakumbuyo.

"Mphwanga, za kuthamanga ndamva. Nanga kuima?"

Ndinaseka. Iwo anakoka buleki yapamanja nakankha galimotoyo ndi phewa. Inasuntha. Atamasula dilamu, tinapeza mashuzi atadyeka mpaka pachitsulo.

Msewu wa ku Karonga usanathiridwe phula, maenje ndiwo ankatiletsa kuthamanga. Lero ndi makilomita pafupifupi 100 osalala, koma a mitsetse ndi makona. Malume anandilangiza kuti mabuleki akutsogolo akamagwira okha pamtsetse wautali amatentha n'kufooka.

Ndalama zimene ndinasungira wailesi ya m'galimoto zinathera mashuzi atsopano ndi mafuta a mabuleki. Ndinanyinyirika sabata yathunthu.

Tsiku lina ndikutsetsereka, kamnyamata kanatulukira mumsewu kakuthamangitsa mbuzi. Ndinaponda buleki, galimoto niima. Kamnyamatako sikanacheuke n'komwe. Ine ndinakhala pachiwongolero nthawi yaitali, miyendo ikunjenjemera.