Luso la Kuchulukitsa Mbewu ya Chilazi

Ntchito ya mlimi wochulukitsa mbewu ya chilazi imayamba ndi vuto lakuti chimene banja limadya ndi chomwenso chimabzalidwa, kotero kuti ku Nigeria, dziko limene limakolola zilazi zambiri kuposa lina lililonse, mlimi amatha kupatula gawo limodzi mwa magawo atatu a zokolola zake kuti likhale mbewu. Pofuna kuchepetsa vutoli, akatswiri a bungwe la NRCRI ku Umudike ndi la IITA ku Ibadan anakonza m'zaka za m'ma 1980 njira yotchedwa minisett, kutanthauza kudula chilazi chimodzi m'tizidutswa tambiri tolemera pafupifupi magalamu 25.

Wodziwa ntchitoyi amasankha chilazi chopanda mabala ndi ming'alu chimene chayamba kuphukira, popeza chongokumbidwa kumene chimatenga miyezi chisanatulutse mphukira. Amadula ndi mpeni wakuthwa ndi woyera, ndipo amaonetsetsa kuti kachidutswa kalikonse kali ndi khungu, chifukwa mphukira imatulukira pakhungupo, pamene kachidutswa ka mnofu wokhawokha kamangowola. Podulidwapo amathirapo phulusa kapena mankhwala oteteza ku nkhungu ndi tizilombo, kenaka amayanika tizidutswato pamthunzi mpaka pabalapo pataumirira. Akatero amatiyala m'nazale ya utuchi wonyowa kapena kutibzala mothithikana pamizere, ndipo pakutha kwa nyengo amakumba tizilazi tating'ono tathunthu, timene ndi mbewu ya chaka chotsatira.

Ngakhale njirayi inali yanzeru, alimi ambiri sanailandire msanga, chifukwa tizidutswa tochepetsetsa tinkamera mosiyanasiyana, tina tinkauma mvula ikadukiza, ndiponso nazale inkafuna ntchito yambiri pa nthawi imene manja onse ali kumunda. N'chifukwa chake ntchito yotchedwa YIIFSWA ku Nigeria ndi Ghana inalimbikitsa zidutswa zokulirapo, zoviikidwa m'mankhwala ndi kubzalidwa m'munda mwachindunji, ndipo alimi ankaphunzira poona minda yachitsanzo ya anzawo.

Phunziroli likukhudzanso tawuni ya Kafue ku Zambia, ngakhale kuti ulimi wa m'derali watsamira pa chimanga. Tawuniyi ili pamsewu umene katundu wa kuchigawo cha kummwera amadzera popita ku Lusaka, ndipo mwa katunduyo muli lusala kapena busala, chilazi cha m'tchire chimene amayi a Chitonga amakumba m'nyengo yachilimwe. Kafukufuku wa Donald Zulu ndi anzake a ku University of Reading, wofalitsidwa mu 2019, anaonetsa kuti mabanja ambiri a kumidzi m'chigawocho amakumba, kudya ndi kugulitsa lusala, ndipo kafukufuku wotsatira anapeza kuti chomerachi chimatha kumera kuchokera ku tizidutswa. Pamene nkhalango zikutha ndi makala ndi minda yatsopano, lusala wokumbidwa popanda kubzalidwa adzasowa.

Choncho alangizi a zaulimi a ku Kafue, mothandizana ndi akatswiri a bungwe lofufuza za ulimi la ZARI ku Mount Makulu m'boma loyandikana la Chilanga, ayenera kukhazikitsa minda yachitsanzo imene amayi okumba ndi ogulitsa lusala angaphunzirepo kudula, kuteteza ndi kubzala mbewu. Mlimi amalandira njira imene waiona ikubereka, ndipo ntchito imeneyi iyenera kuyamba lusala asanathe m'tchire.