Wilberforce ndi Doko la ku Chilumba

Kwa zaka zambiri ndinkaphunzitsa za William Wilberforce monga momwe ndinaphunzirira ku koleji ya aphunzitsi. Ndinkauza ana kuti iye anali phungu wa nyumba ya malamulo ku Britain amene ankati kugula ndi kugulitsa munthu ndi tchimo pamaso pa Mulungu, pakuti Mwafirika naye ndi munthu. Khama lake linathandiza kuti malonda a akapolo aletsedwe mu 1807, ndipo anamwalira mu July 1833, ukapolo weniweniwo utatsala pang'ono kuthetsedwa m'maiko olamulidwa ndi Britain. Ana ankalemba, ine n'kumachonga.

Tsiku lina mtsikana wina anakweza mkono nati, "Aphunzitsi, nanga akapolowo anawapepesa ndi chiyani?" Ndinachita kakasi. Zoona zake n'zakuti boma la Britain linapereka mapaundi 20 miliyoni kwa eni akapolo, koma omasulidwawo sanalandire kanthu. Ngakhale Wilberforce yemwe poyamba ankati akapolo amasulidwe pang'onopang'ono, ati sanakonzekere ufulu. Ndimamlemekezabe, koma pamenepa mpomwe ndimasiyana naye. Kodi womangidwa goli m'khosi amafunika kukonzekera chiyani kuti amvule?

Funso lija linandibweza kwathu kuno ku Vinthukutu. Lamulo la ku London silinafike kunyanja kuno. Patapita zaka zoposa 50, doko la Chilumba, limene Azungu ankalitcha Deep Bay, linali likuwolotsabe akapolo kupita tsidya la kum'mawa. Mu 1887 anthu a Mlozi anatentha Ankhonde amene anabisala m'bango ku dambo la Kambwe, pafupi ndi Karonga. Chimene chimandiwawa n'chakuti ena mwa Ahenga, mtundu wanga, anali mbali ya Mlozi pa nkhondoyo. Agogo anga aakazi ankaidziwa nkhaniyi kuchokera kwa amayi awo, koma akafika pamenepa ankangoti, "Inali nthawi ya mfuti, mwana wanga," n'kuyamba kusonkhezera moto. M'kalasi sindinaitchulepo, ndinkaopa maso a ana a Chinkhonde amene ankakhala kutsogolo.

Mlozi anagonjetsedwa ndi asilikali a Harry Johnston ndipo anapachikidwa mu December 1895. Magoli anatha, koma omasula aja anabwera ndi msonkho wa nyumba, ndipo munthu wakuda analibe mawu m'boma la dziko lake lomwe. Mu 1912, ku Karonga komweko, Levi Mumba ndi anzake anayambitsa North Nyasa Native Association kuti madandaulo a eni dziko azimveka. Mumba yemweyo ndiye anadzakhala mtsogoleri woyamba wa Nyasaland African Congress mu 1944.

Chaka chotsatira ndinasintha kaphunzitsidwe kanga. Ndinkayamba ndi Wilberforce, kenaka Kambwe, osabisa mbali ya Ahenga, n'kumalizira pa Mumba. Mtsikana uja anali atapita kale ku sekondale, ndipo sindinapezenso mpata womuyankha.